Mmene Galimoto ya Che Jafali Inapatukira

Inu ana anga mumadziwa kuti mayi wanu anagwira ntchito kukhoti zaka zoposa makumi atatu, koma munthu akakufunsani kuti ankatani kumeneko mumangoti, "Ankamasulira." Zoonadi ndinkamasulira. Munthu akaima m'bokosi la mboni n'kulankhula Chinyanja, Chiyao kapena Chilomwe, ine ndinkatembenuza mawu akewo kuti akhale Chizungu, poti buku la majisitireti limalembedwa m'Chizungu. Chimene chinkalowa m'bukumo ndi chimene ndanena ine, osati chimene wanena mwiniwake. Tsopano poti ndakhala pansi kuno ku Likangala, ndipo ntchito yanga yatsala yopirikitsa mbalame mumpunga, ndati ndilembeko zina mwa zimene ndinadutsamo kuti musadzazimve kwa anthu ena atazithira mchere.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980: kuchigwa

Ntchito yanga yoyamba ananditumiza kuchigwa cha Shire, pakhoti laling'ono la malata limene masana linkatentha ngati uvuni wa buledi. Ndinafika ndi sutikesi imodzi, satifiketi ya Fomu 4 ndi mtima wodzimva kuti Chizungu ndimachitha, paja kusukulu galamala ndinkakhoza bwino. Amene anandilandira anali a Matewere, womasulira wamkulu wa pamenepo, bambo wamfupi wadazi, amene asanalowe ntchitoyi anayendetsapo malole a thonje zaka zambiri. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anati, "Mwana wanga, Chizungu cha m'kalasi uchisiye pakhomo pamodzi ndi ambulera yako. Muno timagwiritsa ntchito Chizungu chomanga anthu ndi chowamasula."

Zipangizo pakhotipo zinali zosowa. Kabonipepa tinkagwiritsa ntchito mpaka kubooka, ndipo riboni ya makina otaipira ikauma tinkaidonthezera parafini kuti itithandize sabata ina. Dikishonale inalipo imodzi yokha, koma chiswe chinaidya kuyambira chapakati pa S mpaka kumayambiriro kwa T, moti mawu onena za kuba, kubaya ndi kulumbira, omwe pakhoti amamveka tsiku lililonse, munalibe. A Matewere ankati chiswe chimenecho chinali ndi mlandu, n'chifukwa chake chinathamangira kudya umboni.

Mwezi wanga wachiwiri tinali ndi mlandu wa lole imene inagunda ngolo ya ng'ombe. Mboni iliyonse ikafotokoza za loleyo, ine ndinkangonena pa Chizungu kuti inasuntha mwadzidzidzi. Wina akati inalumphira kutsogolo, ine inasuntha. Wina akati inapita chammbali, ine inasuntha. Majisitireti anaika cholembera pansi n'kufunsa ngati lole imeneyi inkavina. Khoti lonse linafa ndi phwete, ine ndikulakalaka nthaka itang'ambika. Nthawi yopuma a Matewere anandiitanira kuseri kumene kunali mpopi. Anathira madzi pasimenti, n'kutenga kachidutswa ka sopo n'kukakankha ndi chala. Sopo uja anangoti tereree mpaka kukagunda khoma.

"Imeneyi ndiye skid," anatero. "Matayala asiya kugwira pansi. Dalaivala angapotoze chiwongolero bwanji, galimoto sikumumvera. Kwathu timati kuterereka."

Kenako anayamba kuyenda molunjika kwa ine ngati andigunda, ndipo atatsala pang'ono anangoti tembenu n'kundilambalala. "Swerve. Waona chinthu kutsogolo, kaya mbuzi kaya mwana, wakhotetsa dala ndiponso mwachangu kuti uchizembe. Maso ali pamsewu, manja akugwira ntchito." Atatero anatsinzina, mutu n'kuupendeketsa ngati akusinza, n'kumayenda akusiya njira pang'onopang'ono mpaka anakaponda maluwa a mesenjala. "Veer. Wangosiya njira. Liwu limeneli silinena kuti wazemba kanthu. Azungu eniake nthawi zina amalisakaniza ndi linzake lija, koma majisitireti akalimva amayamba kudzifunsa kuti kodi munthuyu anali mtulo, analedzera, kapena ankayang'ana atsikana pachitsime."

Sanalekere pomwepo. Anandionetsa jerk, kuja wophunzira galimoto akasiya kilatchi msanga mutu wako n'kubwerera m'mbuyo. Anandionetsa lurch, galimoto yonse ikapendekera mbali imodzi ngati munthu wochokera kumowa, katundu n'kugwerana. Anamaliza ndi jolt, ukagunda dzenje mano n'kulumana. Liwu lililonse ankalichita ndi thupi, thukuta lili kamukamu, mesenjala akudandaula za maluwa ake. "Mawu asanu ndi limodzi amenewa," anatero akupukuta dazi, "lililonse lili ndi chilango chakechake. Ukasinthanitsa, wina adya nyemba za kundende popanda chifukwa."

Kuchigwako ndinakhala zaka zisanu ndi chimodzi. N'kumene ndinakumana ndi bambo anu, akuphunzitsa pasukulu yoyandikana ndi khoti, ndipo awiri oyamba mwa inu munabadwira komweko. A Matewere anapuma pantchito ine ndisanachoke, ndipo anandisiyira dikishonale yodyedwa ija poti boma linali litagula ina.

Chapakati pa zaka za m'ma 1990: kubwerera kwathu

Atandisamutsira kuboma lathu la Zomba ndinasangalala kwambiri, chifukwa Loweruka ndinkatha kupita kukaona agogo anu kuno ku Likangala. Bwana wanga watsopano anali a Nyirenda, majisitireti wochokera kumpoto, wamtali, wosaseka wamba. Nthawi ankaisunga moti anthu ankakonzera mawotchi awo pa iwo. Anali ndi rula yathabwa, ndipo liwu limene aona kuti mlandu wagona pamenepo ankalidula mzere kunsi kwake ndi rula imeneyo, mosathamanga. Loya aliyense akaona rula ikutuluka ankadziwa kuti zinthu zafika pena. Chichewa ankachimva bwino, koma Chinyanja cha kunyanja kuno, chothamanga ndi chosakanikirana ndi Chiyao, chinkawadutsa, choncho khutu lawo linali pa ine.

Tinagwirizana pantchito. Patapita zaka ziwiri anandiitana muofesi mwawo n'kundiuza kuti ku Blantyre kwapezeka malo a womasulira wamkulu, okhala ndi nyumba ya magetsi ndi madzi a m'nyumba, ndipo iwo alemba kalata yonditchula ine. Anandionetsa kalatayo itataipidwa kale, yongodikira siginecha, n'kuibwezera m'dirowa. Bambo anu atamva anayamba kufunsira za sukulu za mumzinda, ine n'kumasoka makatani a nyumba imene ndinali ndisanaione.

Nthawi imeneyo n'kuti Nyanja ya Chilwa itangobwerera kumene. Inali itauma mpaka anthu kumayenda pansi kupita kuchilumba cha Chisi, ndipo madzi atadzadzanso matemba anabwerera ochuluka. Msewu wa kudoko la Kachulu unadzadza ndi matola, timagalimoto ta pikapu tonyamula matumba a nsomba zouma, anthu atakhala pamwamba pa matumbawo. Msewuwo nthawi ya dzinja unali makande okhaokha, ndiye milandu ya ngozi sinkatha pakhoti pathu.

Dzinja la chaka chimenecho: mlandu

Che Jafali anali mwini pikapu yakale yobiriwira, ndipo ankaiyendetsa yekha. Ndinkawadziwa monga mmene aliyense wa kuno ankawadziwira. Mpunga wa agogo anu ankanyamula ndi iwo popita kuchigayo, ndipo tikakumana tinkapatsana moni. Anali ndi ana awo asanu, kuphatikizapo atatu a mchimwene wawo amene anamwalira, onsewo akudya kuchokera m'matayala anayi a galimoto imeneyo. Tsiku lina m'mawa mvula itagwa, akuchokera ku Kachulu, galimoto inachoka mumsewu n'kukagwera m'ngalande. Palibe anamwalira, koma mayi mmodzi wogulitsa nsomba anathyoka mkono. Che Jafali anaimbidwa mlandu woyendetsa galimoto mosasamala, ndipo akanapezeka wolakwa laisensi ikanapita, mwinanso iwo eni akanalowa m'ndende.

Woimira boma pamlanduwo ankati dalaivala anasinza, chifukwa anali atayenda maulendo ambiri osapuma. Che Jafali ankati munthu wa njinga yonyamula matumba anatulukira mwadzidzidzi kuchokera m'kanjira ka kumunda, ndipo iwo anamuzemba. Vuto linali loti wanjingayo sanapezeke. Ataona galimoto itagwa anapalasa osacheuka.

Mboni yaikulu inali mayi wothyoka mkono uja, Abiti Saidi, munthu wamkulu ndithu, amene anakwera matola a msewu umenewo kuyambira ali mtsikana. Analowa m'bokosi mkono wamanja uli m'pulasitala, atauphimba ndi chitenje, ndipo anayamba n'kupereka moni kwa majisitireti, kwa apolisi, kwa ine ndi kwa Che Jafali amene. Woimira boma atawauza kuti afotokoze zimene zinachitika, iwo anayambira kutali. Ananena za mvula ya usiku wathawo, za mmene matemba anavutira kuuma, za mnzawo amene anawalanda malo abwino okhala pafupi ndi kabini.

"Amayi, zimenezo zisiyeni," anawadula woimira boma. "Tiuzeni za galimoto basi. Inatani?"

"Galimoto? Inangoti patu! kupatuka mumsewu, ife n'kupezeka tili m'ngalande, matemba onse balala."

Ponena kuti patu anagwedeza phewa mwamphamvu, poti mkono umene akanalozera unali womangidwa. Ine ndinaona phewalo, ndipo liwulo ndinalimva. Koma m'mawa umenewo ndinali nditamasulira kale milandu inayi, ndipo powerenga chikalata cha mlanduwu ndinali nditatchula liwu loti veered kawiri, poti ndi limene apolisi analemba. Linali likadali pa lilime. Ndinangotsegula pakamwa n'kunena kuti galimoto veered off the road. A Nyirenda analemba, n'kutenga rula, n'kudula mzere. Woimira boma anati alibenso funso, n'kukhala pansi akumwetulira.

Che Jafali analibe loya. Majisitireti atawafunsa ngati ali ndi funso kwa mboni, anaimirira chipewa chili m'manja n'kunena kuti, "Ndilibe funso, bwana. Abiti anena zoona zokhazokha. Ndi mmene zinakhalira." Iwo anamva Chinyanja, ndipo m'Chinyanjamo munalibe bodza. Zimenezonso ndinamasulira, ndipo zinalembedwa. Khoti linapita kokapuma, chigamulo chikhala masana.

Masana a tsiku lomwelo

Ndinakhala pakhonde la ofesi ndi chinangwa changa chophika ndi tiyi wa m'fulasiki. Chapatali pang'ono, pansi pa mtengo wa mango, Abiti Saidi anali atazunguliridwa ndi amayi anzawo a nsomba, akuwafotokozera nkhani yonse imene anawaletsa m'khoti. Sindinkamva mawu onse, koma thupi lawo ndinkaliona. Anayenda molunjika, n'kudzidzimuka ngati aona njoka, n'kutembenuka mwachangu, kenako n'kutsetsereka chammbali mapazi ali pamodzi. Ndinamva akuti, "Akanapanda kutero, wanjinga uja bwenzi pano tikudya mpunga wa sadaka yake."

Ndinasiya kudya. Zimene ankachita mayiwo pansi pa mtengo zinali zomwe zija a Matewere anandichitira kuseri kwa khoti la kuchigwa, ndipo sizinali veer ayi. Ndinaona bwinobwino chimene ndachita. M'buku la majisitireti tsopano munalembedwa kuti galimoto inangosiya njira, ndipo pansi pake munalembedwa kuti dalaivala wavomera kuti ndi mmene zinakhalira. Munthu anavomera mlandu umene sanaumve, ndipo pakamwa pamene anavomerera panali panga.

Ndisakunamizeni ana anga, sindinadzambatuke nthawi yomweyo. Ndinakhala pamenepo mpaka tiyi kuzizira. Palibe anazindikira, ngakhale woimira boma, ngakhale Che Jafali. Kalata yanga inali m'dirowa, yosasainidwa. Komanso aliyense pakhotipo ankadziwa kuti kwathu n'kunyanja, ndipo ndikakaimirira kukonza mawu mokomera dalaivala wa ku Kachulu, anthu akanati mayi uja wapatsidwa thumba la matemba nthawi yopuma. Ndinayesa kudziuza kuti mawu awiriwa ndi apachibale, kuti Azungu eniake amawasakaniza. Koma rula ija sinadule mzere pa liwu lachibale. Inadula pa liwu limene ndinanena ine.

Ndinapita kukagogoda kuofesi ya a Nyirenda. Ndinawapeza akulemba, ndipo ndinadziwa kuti n'chigamulo.

"Bwana, m'mawa muja ndamasulira molakwa liwu limodzi pamlandu wa dalaivala uja."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Liwu lake ndi lofunika?"

"Ndi limene munadula mzere, bwana."

Anatseka buku. "Mayi Nampinga, zimenezi si zondiuza kuno tili awiri. Munalakwitsa anthu onse akumva. Mukakonzenso anthu onse akumva."

Khoti litayambanso ndinaimirira n'kunena pa Chizungu, kenako pa Chinyanja, kuti mboni inati galimoto inati patu, ndipo patu ndi kupatuka kwadzidzidzi, pamene ine ndinaika liwu lonena za kungosiya njira. Anthu anayamba kunong'onezana. Woimira boma anaimirira msanga. "Bwana, sindikufuna kunyoza munthu, koma mayiwa kwawo n'komweko kumene akuchokera woimbidwa mlandu. M'mawa anena china, adya nkhomaliro, masana akunena china. Khoti likhulupirire chiti?" Funsolo linali loyenera.

"Khoti silikhulupirira chilichonse mwa ziwirizi," anatero a Nyirenda. "Itanani mboni ibwerenso."

Abiti Saidi analowa akupukuta pakamwa. A Nyirenda anawaitanira kutsogolo kwenikweni, patebulo la kalaliki. Anaika rula yawo patebulopo n'kunena kuti uwu ndi msewu. Anatenga chidindo cha khoti n'kunena kuti iyi ndi galimoto. Kenako anandiuza kuti ndiwauze mayiwo aonetse ndi dzanja lawo lamanzere mmene galimoto inayendera, ndipo ine ndisanene kanthu mpaka atamaliza.

"Nanga njinga ili kuti?" anafunsa Abiti.

"Njinga yanji?" anatero woimira boma. "M'mawa simunanene za njinga."

"Munandifunsa? Ine ndimati ndifike pamenepo, inu n'kundidula pakamwa kuti ndinene za galimoto basi. Ndiye ndinanena za galimoto basi."

A Nyirenda anawapatsa botolo la inki kuti likhale njinga. Abiti anayendetsa chidindo m'mbali mwa rula akuliza injini ndi pakamwa, mesenjala akulephera kudzigwira. Anatulutsa botolo la inki kuchokera kuseri kwa mafailo n'kuliika kutsogolo kwa chidindo. "Apa hutala, piii! Ndiye Che Jafali patu!" Chidindo chinakhota mwamphamvu kulambalala botolo. "Njinga yapulumuka. Tsopano matayala akumbuyo alowa m'makande, ndiye tereree, chammbali, ngati nkhanu. Apa galimoto sikumveranso munthu. Kenako tayala limodzi m'ngalande, galimoto yonse pendeke, ife pamodzi ndi matumba khuu!" Anagoneka chidindo chammbali, n'kuyang'ana majisitireti ngati mphunzitsi amene wamaliza phunziro.

A Nyirenda anatembenukira kwa ine. Ndinanena kuti dalaivala analiza hutala, galimoto swerved pozemba njinga, kenako skidded m'matope, pomaliza lurched kugwera m'ngalande. Mawu atatu, lililonse pamalo pake. Iwo analemba, ndipo rula atatenganso patebulo paja anadula mizere itatu.

Woimira boma anayesa komaliza. "Amayi, inu munali kumbuyo. Mukudziwa bwanji kuti dalaivala sankasinza?"

"Bambo, munaonapo munthu wosinza akuliza hutala? Ndiponso galimoto ya wosinza ine ndimaidziwa. Imayamba kulowera kumbali pang'onopang'ono ngati ng'ombe yoona msipu, ndiye timamenya pakabini kuti adzuke. Iyi sinatero. Ndipo tikanamenya bwanji, poti tinadzadza anthu makumi awiri pamwamba pa matumba, osatha n'kutukula mkono komwe?"

Che Jafali anagwira kumutu. Pa mlandu woyendetsa mosasamala a Nyirenda anawamasula, koma chifukwa cha mawu omaliza a mboni yawo yabwinoyo anawalipiritsa chindapusa chonyamula anthu mopitirira muyeso. Laisensi inatsala m'thumba mwawo. Potuluka ndinamva akuwauza Abiti kuti, "Mukanalekera pa hutala paja," Abiti n'kuyankha kuti analumbira kunena zoona zonse, osati theka.

Anthu atabalalika a Nyirenda anandiitana. Kalata ija inali patebulo. "Mayi Nampinga, m'mawa munalakwa, masana munakonza. Ine ndiyenera kulemba zonse ziwiri mufailo yanu. Ndikalemba choyambacho, kalata iyi singapite chaka chino." Ndinati ndamva, bwana. Anaipinda n'kuiika pambali. Kenako anachita chimene ndinali ndisanawaonepo akuchita: anaseka, mapewa akugwedezeka. "Ngati nkhanu," anatero. "Mundilembere mawu onse aja a mayi aja, lililonse ndi Chizungu chake. Omasulira atsopano aziyambira pamenepo."

Malo a ku Blantyre anapita kwa mnzanga wina, ndipo ine ndinadikira zaka zinayi ndisanakwezedwe. Makatani aja ndi amene munakulira nawo m'nyumba ya ku Zomba, n'chifukwa chake ankakwekwereza pansi, poti ndinasokera mazenera a mumzinda. Bambo anu anakhumudwa masiku awiri. Tsiku lachitatu anati bola, mumzinda nsomba n'zodula. Pepala la mawu lija linataipidwa, ndipo omasulira amene anabwera pambuyo panga ankalikopera pamanja mpaka linang'ambika m'mapindiro.

Loweruka lotsatira

Loweruka ndinanyamuka kuti ndikaone agogo anu. Nditafika pasiteji ndinapeza galimoto yopita kunyanja ili imodzi yokha, yobiriwira, galasi limodzi atamata ndi pulasitiki. Ndinati ndibwerere, koma Che Jafali anali atandiona kale. Anathamanga kudzandilanda chikwama, n'kutsitsa bambo wina amene anakhala kutsogolo.

"Amayi, khalani kuno kutsogolo. Lero simulipira."

"Che Jafali, mukufuna andichotse ntchito? Ndikhala kumbuyo, ndipo ndilipira ngati wina aliyense, anthu onse akuona."

Anadandaula, koma anamvetsa. Kumbuyo ndinapeza Abiti Saidi atakhala pa matumba opanda kanthu, akubwerera kukagula nsomba zina, pulasitala yawo itada kale ndi fumbi. Anandisunthira malo. Tsiku limenelo Che Jafali anawerenga anthu kawiri asananyamuke, ndipo anayendetsa pang'onopang'ono moti anthu a njinga ankatipitirira akutipatsa moni. Ulendo wonse Abiti anandisandutsa mwana wa sukulu. Tikagunda dzenje ankafunsa kuti imeneyi pa Chizungu n'chiyani, ine n'kuti jolt. Che Jafali akasintha giya mutu n'kubwerera m'mbuyo, ine n'kuti jerk. Iwo ankabwereza mawuwo mowapotoza, galimoto yonse kuseka, n'kunena kuti Chizungu n'chosauka, chifukwa iwo kugwedezeka kwa dzenje lokha ali nako mitundu inayi, kutengera ngati dzenjelo lili ndi madzi kapena ayi.

Titatsala pang'ono kufika pamphambano ya kwathu tinapeza malo amene mvula inasandutsa phala. Che Jafali analowamo mwaulemu kwambiri, mosathamanga, monga munthu amene wangochoka kukhoti, ndipo pakati penipeni galimoto inaima. Matayala anazungulira pamalo amodzi akutiponyera matope. Tonse tinatsika. Ndinavula nsapato zanga za kuofesi, n'kukwinya chitenje, n'kuika phewa pagalimoto pamodzi ndi anthu ena. Abiti anaima pouma chifukwa cha mkono, akutilamula ngati kapitawo.

"Mayi wa kukhoti!" anandikuwira. "Nanga iyi, yoti sikupita kutsogolo, sikupita m'mbuyo, sikupita chammbali, ili nalo dzina pa Chizungu?"

"Lilipo!" ndinayankha matope ali m'mawondo. "Amati stuck!"

"Ndiye taiuzani pa Chizungupo kuti ituluke. Mwina imva, paja munaipulumutsa ndinu."

Ndinaiuza, mokweza ndithu, anthu akugwa ndi kuseka. Sinamve. Inatuluka titaika mapesi pansi pa matayala n'kukankha tonse pamodzi tikuwerenga m'Chinyanja, ndipo agogo anu atandiona ndikulowa pakhomo nsapato zili m'manja, matope mpaka m'tsitsi, anafunsa ngati boma layamba kutuma anthu ake kukaweruza milandu m'dambo.